Nanzikambe Afufuza Dandaulo la Achule

Padangokhala achule a m'dambo lina, amene anakadandaula ku bungwe lofufuza milandu kuti Kakowa akuwameza chonsecho lamulo limaletsa.

Bungwe linatuma Nanzikambe. Atafika kwa achule anabiriwira ngati iwo omwe. Nabengo, mtsogoleri wawo, anadumpha ndi chimwemwe: "Anzanga, uyu ndi wathu, tapulumuka!"

Nanzikambe anayenda monyang'ama mpaka kwa Kakowa, ndipo kumeneko anayera mbee! "Bwana, kakhosi kowonda chonchi kangameze chule?" anatero Nanzikambe kwa Kakowa.

Dzinja linatha akufufuzabe. Tsiku la chigamulo anaitana odandaula, koma kunali zii.

"Odandaula sanabwere, mlandu watha," anatero Nanzikambe.

Kakowa anageya, ndipo m'mimba mwake munamveka mawu a Nabengo: "Tabwera, bwana! Tonse tili muno!"