Nkhunda pa Mndandanda wa Mapulogalamu

Bambo anakankhira laputopu kutali. Pa tsamba losinthira zinthu mu pulagini, chida chothandizira webusaiti yawo yogulitsira mbewu, mapulogalamu asanu ankafanana ngati mapasa, mayina ake manambala okhaokha. Dzulo lake anafufuta pulogalamu yolakwika, maoda n'kusiya kulowa.

"Maso atha, mwanangu. Ingoitseka."

Mwana wawo wamkazi anaitenga laputopuyo. Pambali pa dzina lililonse anaikapo kachithunzi ka nkhunda, iliyonse ya mtundu wake, zonga zija bambo ankaweta mayi akadali moyo.

Bambo anasendera pafupi. M'chipindamo makatani ankauluzika ngati mapiko.

"Yamawangayo ndiyo yolandira maoda, bambo," anatero mwanayo.

"Ndaizindikira. Imeneyi inkachedwa kubwerera m'khola, koma inkabwera ndithu."

Bambo anakokera laputopu ija pafupi.

"Usatseke kaye."