Mlenje wa kwa Nthache amene anapisa dzanja pachulu

Panali munthu wina kwa Nthache, dzina lake Langton, amene ankadyetsa banja lake ndi ulenje. Dambo limene ankasakako ndinalipondapo kale m'maulendo angawa: ntchenzi zinkachita kukudutsa m'miyendo, agwape osasowa. Koma chaka cha namondwe wa Freddy mtsinje unasefukira, bango lonse n'kupita, mauna a mbewa n'kukwiririka ndi mchenga. Nyama zinkapezeka zitafa, zitakodwa m'nthambi. Munda wa Langton unakokoloka, khasu ndi galu yemwe osaoneka.

Kunyumba njala inafika poipa. Mkazi wake Rozina anati, "Bambo a Tadala, mwanayu wasiya ngakhale kulira."

Madzi ataphwerako, m'dambo monse munatsala chulu chimodzi pakati pa matope, chili ndi timapazi ta mbewa. Langton anapitako ndi Petro, mlenje mnzake.

Langton atagwada kuti ayambe kufukula, Petro anamugwira malaya. "Achimwene, madzi akadzaza chonchi, chamoyo chilichonse chimathawira pachulu. Una sukhala wa mbewa yokha. Dikirani udzu uume, tifukize utsi kaye."

"Ndiye mwana wanga adye kudikirako? Inu a Petro mbuzi zanu zinapulumuka, n'chifukwa chake mukulalikira."

Anafukula ndi zala, n'kupisa dzanja lamanja mpaka m'chigongono. Anatulutsa mbewa yonona, kenako ina.

"Mwaona? Njoka yanuyo ili kuti?"

Atapisanso anakuwa, "Mayo ine!" Mphiri inali itamuluma.

Mlatho unali utaduka, njinga sikanadutsa. Anthu anamunyamula pachitseko, matope akulekeza m'mawondo, iye akungobwereza kuti, "Mbewazo mukapatse mwana." Pofika kuchipatala kuboma, mkono unali utatupa ngati ntchafu, utada bii. Moyo anapulumuka, koma mkonowo anaudula m'phewa.

Petro anakaperekadi mbewa zija. Rozina anaziwotcha akulira, mwana n'kudya.

Akuti lero Langton amaima m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre, kugulitsa mbewa zokumba anzake, atazikweza ndi dzanja lamanzere.

Phunziro: Madzi akasefukira, tchire limene unkalidziwa silikhalanso lomwelo, pakuti nyama nazo zikuthawa imfa ngati iwe. Njala imagonthetsa makutu, komabe mnzako akakugwira malaya, ima umumve. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali ndi m'bale wosaka kudambo, mvula ina isanagwe.