Nsomba Yotembenuzidwa

Arnel, mkamwini wochokera ku Manila, atamaliza mnofu wa pamwamba anaitembenuza nsomba imene ankadya mumsuzi wake wa viniga ndi jinja.

Supuni ya apongozi ake, mayi Ludivina, inagwa pansi.

"Mwatani, bambo inu? Mwana wanga Teban ali panyanja, mphepo ili chonchi, inu n'kumatembenuza nsomba pakhomo pa msodzi? Mukufuna nalo bwato lake litembenuke?"

"Aa, amayi, zimenezo n'zachikale," anaseka Arnel.

"Zachikale? Nsomba mukudyayi anapha ndi iyeyo!"

Mayi Ludivina analanda mbale ya nsombayo, n'kuigonekanso nsomba mmene inalili. Anaivundikira, n'kukaima pakhomo, maso ali kunyanja.

"Mudya akafika Teban," anatero osacheuka.