Injini Imene Analiza Popanda Madzi

Panali munthu wina amene anzake ankangomutcha Kapiteni, chifukwa ankawolotsa anthu pa boti la injini. Chipatala chinali kutsidya, ndipo mkazi wake anali woyembekezera, masiku atatsala pang'ono.

Loweruka lina anachotsa injini ija m'boti n'kuikoleka pathabwa pakhomo kuti aitsuke. Anzake atabwera, anafuna kuwaonetsa mmene imalirira. Injini yotere imazizira ndi madzi, ndiye poiliza pamtunda amayamba amiza mwendo wake mumgolo wa madzi. Mgolo unali wouma, ndipo Kapiteni anachita ulesi kukatunga. Anangokoka chingwe. Inalira mphindi zinayi, anzake akuwomba m'manja.

Mlamu wake, yemwe anali makaniko, anatulukira akuthamanga.

"Zimitsani! Alamu, mutu ukuyenda? Mwailiza pouma?"

"Pang'ono pokha. Mundiphunzitse injini yanga inuyo?"

"M'mwendomu muli kamphira ka mapiko kamene kamapopa madzi. Kakazungulira pouma kamapsa, zidutswa zake n'kutseka njira ya madzi. Bweretsani sipanala timasule tione. Ola limodzi basi."

Kapiteni anadzaza mgolo uku akung'ung'udza, n'kuilizanso. Timadzi tinatuluka pakabowo kakumbuyo.

"Si iyo ikukodza?"

"Kukodza kumeneko? Ikudontheza ngati nkhalamba. Mlongo wanga watopa, tsiku lina lililonse mumukweza m'boti limeneli."

"Mlongo wanuyo ndi mkazi wanga. Chokani pakhomo panga!"

Mlamu uja anachoka. Koma anadzera padoko, nabisa nkhafi ziwiri m'thumba pansi pa mpando wa boti, poti Kapiteni anali atataya zake, ati nkhafi n'za amphawi. Injini ija Kapiteni anaibwezera m'boti osaimasula.

Lachiwiri m'mawa matenda anamuyamba mkazi uja. Mayi wina woyandikana nawo nyumba anasiya zovala m'beseni, thovu lili m'manja, n'kuwaperekeza. Atafika pakati pa madzi, timadzi tija tinaleka kutuluka. Kapiteni anaona, koma anawonjezera moto. Panamveka fungo la mphira wopsa, injini inatsokomola kawiri, kenako zii.

Anakoka chingwe mpaka zala zinachita matuza. Mphepo inayamba kuwakankhira kutali.

"Bambo, kokani!" analira mkazi wake.

"Mumatisokosera nayo pakhomo ngati wailesi," anakalipa mayi uja. "Lero ilire tione!"

Pofuna chomutsamiritsa wodwalayo, mayiyo anakoka thumba lija pansi pa mpando, nkhafi n'kugwa. Anamuponyera Kapiteni imodzi.

"Palasani, bambo inu! Mukuyang'ana chiyani?"

Ulendo wa mphindi makumi awiri unawatengera maola awiri. Mayi uja ankapalasa, akapuma n'kumupukuta mnzake thukuta ndi mpango wake.

Kuchipatala anapulumutsa mkazi wa Kapiteni. Mwana sanalire. Namwino anatuluka n'kumuyang'ana Kapiteni kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Munali kuti? Mukanafika ola limodzi m'mbuyomu."

Patapita masiku atatu, mlamu uja anabwera kudzatenga zovala za mlongo wake. Asanachoke anatenga sipanala, namasula mwendo wa injini Kapiteni akuonerera. Sanathe n'komwe ola. Kamphira kaja kanali katatsala ndi mapiko awiri mwa asanu ndi limodzi. Anatokosa zidutswa zakuda m'paipi, natsegula dzanja la Kapiteni, n'kumuikamo.

"Sungani, alamu. Injini yanu mumaidziwa."

Ananyamula chikwama n'kumapita.

Phunziro: Injini ya boti ikalira popanda madzi, ngakhale mphindi imodzi, musaikhulupirire chifukwa ikudontheza timadzi. Masulani, onani kamphira, chotsani zidutswa zonse musanakweze munthu. Ndipo wokuchenjezani akakhala mlamu wanu, musamve mlamu, mverani makaniko. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali ndi boti, ndi kwa akazi awo omwe.