Mluzu wa Kabodza

Tsiku lomaliza kuwaona amoyo, mu Okutobala, bambo ake anali atatsamira pazenera la kanyumba kawo ka kuntchito, m'mphepete mwa nkhalango, akuimba mluzu. Anatha zaka makumi awiri akuperekeza alendo odzaona mbalame, ndipo mluzuwo ndiwo unali khasu lawo.

M'tchire lamthunzi munayankha kambalame. Kenako kanatulukira, pachifuwa psuu, mapiko otuwa, kakufukula masamba owola posaka tizilombo. Kanalira ngati kabawi, nkhuku za pabwalo n'kubalalika.

"Wamumva Kabodza?" anaseka bamboyo. "Kabawi, chule, ngakhale ineyo, amatitsanzira tonse. Nyimbo yakeyake kuti uimve, umafunika kudikira." Anatembenuka. "Nanga inu adokotala a mawa, kukoleji kuli bwanji? Palibe nkhani?"

"Kuli bwino, ababa. Mayeso ali pafupi."

"Chabwino, mwanawe."

Kukolejiko anali atamuchotsa kale mu Epulo, atalephera kachiwiri. Ankagona pamkeka kwa mnzake m'tauni, koma kunyumba ankafika ndi chikwama cha mabuku kumsana. Patangotha sabata ziwiri kuchokera tsiku limene anacheza pazenera paja, mtima wa bamboyo unaima ali panjira ya kumtsinje.

Pamaliro azakhali ake anamugwira dzanja. "Usalire, mchimwene wanga wapita akukunyadira." Mawuwo anamubaya, komabe anawakakamira. Bola anapita osadziwa. Bodzalo linali katundu wa iye yekha, ndipo madalawo anagona ndi mtima woyera.

Eni ntchito atafuna nyumba yawo, mwanayo anabwera kudzalongedza katundu wa bambo ake. Nsapato zamatope zinali kuseri kwa chitseko, chipewa pamsomali. Akumanga mabulangete, kunja kunamveka mluzu wa bambo ake, wosaphonya ngakhale pang'ono. Atasuzumira pazenera, anaona Kabodza.

"Iwe, choka apo!" anakalipira kambalameko, n'kutseka zenera.

Pansi pa matilesi anapeza makope olembamo mbalame, omanga ndi mphira. M'kati mwa lomaliza munali envelopu ya chidindo cha kukoleji, yopita kwa kholo. Inali yotsegulidwa bwinobwino ndi mpeni. Kalatayo inali itatha m'mapindo, ngati chinthu chimene munthu wachiwerenga kambirimbiri: dzina lake, maphunziro amene analephera, mawu oti asabwererenso.

Pakona yake panali zolemba za bambo ake, zopendama, za pensulo.

"Ndalandira pa 14 Meyi."