Tsitsi la Tutai

"Ndiye tagwirizana. Mnyamata wosameta azibwezedwa kunyumba," anatero a Pritchard, ahedi a sukulu ina m'tauni ya Tokoroa, akutseka kale chikwama.

Boma silinkalola sukulu kusintha lamulo isanamve makolo, choncho ahediwo anaitanitsa msonkhano nthawi yoti anthu ali kuntchito. Koma Mama Ngametua anabwera ndithu, limodzi ndi mlamu wawo Tepaeru. Mwana wa Mama, Tutai, anali asanametepo chibadwire, poti kwawo ku chilumba cha Rarotonga mnyamata amametedwa paphwando, abale onse alipo.

"Mumeteni, Papa Hedi," anatero Mama. "Mwatithandiza."

A Pritchard anamwetulira.

"Kungoti pamwambo wathu, wolamula kumeta ndiye amadyetsa anthu," anapitiriza Mama. "Nanga dzenje lowotchera nkhumba zanuzo tikumbe pabwalo lampira?"

"Anthu ake angati?"

"Aa, ochepa. Akonkuno, a ku Auckland, ndi akumudzi amene muwalipirire ndege. Azigona m'makalasimu. Sachedwa amenewo, Khirisimasi ikangodutsa amanyamuka."

Apa ahedi anati nkhaniyo njofunika kumva kaye maganizo a makolo ambiri, mwina chaka chamawa.

Atatuluka, Tepaeru anakoka Mama dzanja. "Alamu, inetu ndinakulira komweko. Mwambo woti wolamula azidyetsa anthuwu unayamba liti?"

Mama anakonza nkhata yamaluwa kumutu kwawo, osathamanga.

"Mumasinza kodi? Munakhalatu pambali panga pamene umayamba."