Nkhope ya a Meya

"Wabweranso munthu uja," anatero Honora kwa mwamuna wake, uku akupukuta matambula.

Cornelius Dwyer, mwini bala komanso meya wa katauni ka migodi ya golide ku Australia, anaponya diso pangodya. Mlendoyo anali atakhala pomwe ankakhala sabata yonseyo. Mowa ankangounyambita, koma maso ake sankachoka pa Dwyer.

"Kalankhulidwe kake n'ka kwathu ku Clare," ananong'ona Dwyer. "Dzulo akuti amafunsa za chipsera changachi."

"Musamupute, bambo. Ingokhalani chete."

Koma mtima wa Dwyer unakana kukhala m'malo. Chipseracho anachipata tsiku limene anatentha nkhokwe za mwinimunda wankhanza kwawo ku Clare, m'dziko la Ireland, n'kuthawa pa sitima ya pamadzi ndi dzina la munthu wakufa.

Anamugwira mkono mlendoyo n'kumukokera kuseri, kosungira migolo.

"Basi, achimwene, zaukazitape zithere pano. Inde, ndine Malachy Tierney. Nkhokwe zija ndinatentha ndine. Apolisi amene akutumaniwo mukawauze adzanditenge, koma ana anga asawakhudze."

Mlendoyo anangoti kukamwa yasa.

"Apolisi ati, bwana meya? Ine ndine wojambula. Makhansala anu andituma ndijambule nkhope yanu mwachinsinsi, akaipachike mu holo ya tauni pokuthokozani."

Ku bala wina anali kukuwa, kuitanitsa mowa. Mlendoyo anakanda m'mutu, n'kutsitsa mawu.

"Nanga tsopano pansi pa chithunzicho ndilembepo dzina liti?"